A Nzunga Adakatenga Paipi Yawo

A Lazarus Nzunga adabadwira kwa Champiti, koma mphamvu zawo zonse adathera kumtunda kwa Biriwiri, kumudzi kwa akazi awo a Dailes. Adapitako tsitsi lili bii, adachokako mutu uli mbuu. Zaka zonsezo anthu a pamudzipo sadaiwalepo kuti munthuyu ndi mkamwini, wobwera. Ine ndinkaphunzitsa pasukulu yoyandikana ndi mudziwo mpaka ndidapuma ntchito, ndipo zimene ndikulembazi ndidaziona ndekha. Amene zimuwawe, zimuwawe.

Adali munthu wamfupi, wa matewe pang'ono, wosakonda kulankhula. Pamaliro ndiwo ankayamba kufika ndi khasu, paukwati ndiwo ankatsala kubweza mabenchi kutchalitchi. Mwana adali naye mmodzi yekha, wamwamuna, amene naye adakakwatira kwa Sharpevale n'kukhazikika komweko.

Kumunsi kwa mudziwo kudali dambo limene ng'ombe zinkatitimiramo. Palibe ankalifuna. A Nzunga adayamba kukumbapo ndi khasu ndi wilibala, chilimwe chilichonse akamaliza kukolola mbatatesi. Anthu ankadutsa n'kumafunsa ngati akukumba manda a mudzi wonse. Iwo ankangolavulira m'manja n'kupitiriza. Dothi lotulukamo adamangira khoma kumunsi, madzi adawakoka ndi ngalande kuchokera pa kasupe wa m'phiri. Patapita zaka, pamalo pa matope paja padali damu lalikulu ngati bwalo la mpira. Adaikamo nsomba. M'chilimwe mabanja a pamudzipo ankatunga momwemo kuthirira kabichi ndi tomato, ndipo sindidamvepo wina akufunsanso za manda.

Chakumunsi kwa damulo, pamalo ozama kwambiri, padali paipi yoimirira. Adaigula ku Ntcheu boma atagulitsa mbatatesi, n'kubwera nayo ataimanga panjinga. Pansi pake adailowetsa m'paipi ina yogona, yodutsa kunsi kwa khoma, n'kulimbitsa polumikizirapo ndi mphira wa chubu. Madzi akachuluka ankalowa pakamwa pake n'kutulukira kuseri kwa khoma. Munthu akaizula, damu lonse limayenera kutsatira njira yomweyo.

A Dailes adamwalira mvula ili pakati. Nsomba zonse za m'damu adazikokolola ndi maukonde a udzudzu kuti adye olira maliro, mwini wake osafunsidwa. Miyezi ingapo itadutsa adaitanitsa mwambo wa kusudzula, womasula wamasiye kuti abwerere kwawo. Adautsogolera a Chrispine, mchimwene wa malemu, munthu wa mimba yaikulu amene sadagwirepo wilibala ija ngakhale tsiku limodzi.

"Alamu," adatero a Chrispine, "mwatisungira mlongo wathu bwino, tathokoza. Lero takumasulani. Chilichonse chimene mudagula ndi thukuta lanu, nyamulani. Nthaka yokha ndiyo yathu."

"Nanga damu?" adafunsa a Nzunga.

"Damu ndi dzenje, alamu. Dzenje lili m'nthaka. Mulisenza pamutu?"

Anthu adaseka. A Nzunga adadikira kuti phwete lithe.

"Paipi ija ndidagula ndine."

"Paipi? Imeneyo ndi yanudi. Tsiku lililonse mungafune, kaitengeni."

Anthu adasekanso, chifukwa aliyense ankadziwa kuti pamene padaima paipiyo madzi amapitirira msinkhu wa munthu, ndiponso kuti a Nzunga, monga ambiri a ife okulira kumapiri, sadziwa kusambira. Ine ndidalipo. Ndidaona amene adaseka, ndipo nkhope zawo ndikadazisungabe. Ena mwa iwo ana awo adafika kusekondale ndi kabichi wa madzi a damu lomwelo.

A Nzunga adanyamula bulangeti, khasu, wilibala ndi njinga, n'kupita kwa mlongo wawo kwa Champiti.

Chaka chisanathe kudatulukira Cedric, mwana wa mng'ono wawo wa a Dailes. Adakhala zaka zingapo ku Mozambiki, kugombe la nyanja yamchere, akugwira ntchito pamalo ena ochezera alendo. Adabwera ndi magalasi akuda, mawu awiri atatu a Chipwitikizi ndi chikwama chachikulu. Ataona damu adati apa pali ndalama, ndipo amalume ake a Chrispine adavomera. Cedric adazunguliza waya, amayi otunga madzi adawauza kuti adziwe kwina kopita. Adathira malole a mchenga wa kumtsinje m'mbali mwake. Adazika mapolo a bulugamu n'kukhomerera masamba a kanjedza pamwamba, kuti poyang'ana kutali uziti ndi mitengo ya kokonati. Pachipata adalembapo kuti pano ndi pa bichi. Bichi ku Biriwiri, kumene mwezi wa Juni munthu amasamba kumaso kokha!

M'chikwama muja mudali thabwa lopopa ngati tayala, lalitali kuposa bedi, ndi nkhafi imodzi yaitali. Cedric adati kunyanja kuja alendo amaimirira pathabwapo n'kumapalasa, osakhala pansi ngati m'bwato. Amayi a pamudzipo adalitcha chitseko, ndipo dzinalo lidakanirira. Pamwamba pa paipi ya a Nzunga adamangapo kambendera kofiira. Adalengeza kuti amene akazungulire mbenderayo ali chiimire, Fanta ndi yake.

Loweruka lililonse ankabwera anyamata ndi atsikana ochokera ku boma. Ambiri ankangokhala pachitsekocho m'mphepete, kujambulitsa, n'kutsika. Olimba mtima ankaimirira pang'ono n'kugwa chagada. Cedric ankawalangiza ali pamtunda, wezulo ali kukamwa.

Loweruka lina chisanu chitayamba, a Nzunga adafika pachipata paja panjinga, atavala buluku la kutchalitchi.

"Madala, mwasochera?" adatero Cedric. "Kumanda ndi uko."

"Kumanda ndadzerako kale. Ndabwera kudzakwera chitseko chako."

Cedric adatembenukira kwa alendo ake. "Mwamva? Madala akufuna kukwera! Lowani, madala, inu ndi aulere. Anthu inu, konzani mafoni."

Adawaveka jekete yoyandamitsa munthu, yaikulu moti mutu unkaoneka ngati wa kamba, n'kuwamanga chingwe cha thabwalo pamwendo. A Nzunga adapinda buluku, adakwera chokwawa, adagwada pakati. Thabwa lidagwedezeka ngati ng'ombe imene ikukana goli. Adapalasa chogwada, thabwa n'kumangozungulira pamodzimodzi, chifukwa ankapalasa mbali imodzi yokha.

"Imirirani, madala! Pano si patchalitchi!"

Adaponda phazi limodzi, adapondanso lina, adawongoka pang'onopang'ono maso ali pazala za kumapazi. Miyendo idanjenjemera mpaka buluku kumaoneka ngati likuwombedwa ndi mphepo. Kenaka thabwa lidathawira kutsogolo, iwo adapita kumbuyo, khuvuu! Adavuuka akutsokomola, madzi akutuluka m'mphuno, ndere ili pamutu. Pamtunda anthu adagwa nako kuseka. Iwo adagwira chingwe, adalikoka thabwa, adakweranso. Tsiku limenelo adagwa mpaka milomo idachita kuda ndi kuzizira.

Pofika Lolemba kanema wa kugwa kwawo adali m'foni ya aliyense, kuyambira pa Biriwiri mpaka pa Kampepuza. Loweruka lotsatira anthu adachuluka kawiri. Cedric adaona kuti wapeza chokopera alendo, ndipo a Nzunga akachedwa ankachita kusuzumira kumsewu.

Ine zidandinyansa. Ndidawatsekera njira tsiku lina akubwerera, zovala zikudontha.

"A Nzunga, anthuwa adakulandani damu. Mukufuna muwapatsenso ulemu wanu waulere?"

Adatsika panjinga n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Aphunzitsi, chogwada ndimatha kufika paja. Ndayesa kale. Koma munthu wogwada sangaizule paipi ija. Ndidailimbitsa ndekha, ndikuidziwa. Imafuna munthu woimirira, woikoka kuchokera pamwamba."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse nane ndinkakhala kunja kwa waya, pachulu, n'kumaonerera.

Sizidali zophweka. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi akagwa m'madzi a mwezi wa Julaye, thupi limasunga mlandu. Adadwala chifuwa, adachira, adabweranso. Adamenyetsa chiuno pamphepete mwa thabwa n'kumayenda motsimphina mwezi wathunthu. Cedric sadawaphunzitse kalikonse kupatula kuimba wezulo. Zonse adazitulukira okha, pogwa. Adaona kuti ukayang'ana kumapazi umagwa, koma ukayang'ana phiri thabwa limadekha. Adaona kuti kuima njo ngati msilikali ndiko kumagwetsa, koma ukatang'adza n'kupinda mawondo, monga amachitira mwamuna povina ngoma asanaponde pansi, kugwedezeka kumathera m'miyendo. Adaphunzira kusintha nkhafi, uku kangapo, uku kangapo. Adadziwanso kuti dzuwa likapendeka kumabwera mphepo yochokera ku Mozambiki imene imakankhira thabwa m'bango, choncho ankayesetsa kukwera m'mawa.

Pamene mitengo ya tsamba inkaphukira masamba ofiira, a Nzunga adali akuimirira mpaka pakati pa damu. Amayi aja adaleka kuseka. Ena ankachita kuwombera m'manja ali kunja kwa waya, zidebe zopanda madzi zili pambali. A Chrispine okha ndiwo ankati, "Alamu anga ukalamba wawalowa m'mutu."

A Chrispine amenewa adali atachita chinthu china chimene a Nzunga adachiona koma sadachitchule. Kuseri kwa khoma kudali ngalande yaikulu imene a Nzunga ankailambula chaka ndi chaka, kuti madzi otuluka m'damu azilunjika kumtsinje. A Chrispine adaona kuti ndi nthaka yonona yongowonongeka. Adaikwirira, n'kubzalapo tomato kuyambira patsinde pa khoma mpaka kumunsi.

Tsiku lake lidafika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kudabwera ukwati wochokera ku boma kudzajambulitsa pa bichi: mkwatibwi, mkwati, operekeza ovala zofanana, ndi magalimoto omangidwa maliboni. Cedric adabwereka zokuzira mawu. A Chrispine adakhala pampando wapulasitiki pansi pa kokonati wa bulugamu, ngati mwini malo. Tomato wawo adali atapsa, ogula ochokera ku Blantyre atalonjeza kubwera Lolemba.

"Alendo athu olemekezeka," adakuwa Cedric, "tsopano muona madala a pafoni aja! Amene sadaseke chaka chino aseka lero!"

A Nzunga adavala jekete, adamanga chingwe pamwendo, adakankha thabwa. Adagwada pang'ono chabe, kenaka adadzuka. Sadagwe. Adapalasa mwakachetechete, maso ali kuphiri, thabwa likung'amba madzi molunjika. Phokoso lidayamba kuchepa. Atadutsa pakati operekeza akwati adayamba kuimba nthungululu. Atafika pambendera anthu onse adakuwa, ndipo Cedric, ngakhale nkhope idagwa, adanyamula Fanta m'mwamba.

"Zungulirani, madala! Zungulirani mubwere!"

Iwo sadazungulire. Adagoneka nkhafi pathabwa. Adamasula kambendera kaja n'kukalowetsa m'jekete. Kenaka adatang'adza, adapinda mawondo, adaikumbatira paipi ndi manja onse awiri, n'kuyamba kuipotokola.

"Akutani kodi?" adafunsa mkwatibwi.

A Chrispine adadzuka pampando. Iwo adadziwa.

"Alamu! Alamu, siyani zimenezo!"

A Nzunga adaigwedeza uku ndi uku, thabwa likuterereka pansi pa mapazi awo, iwo n'kumalibweza ndi miyendo. Misempha ya m'khosi idatuluka. Adapuma, adalavulira m'manja, adagwiranso. Adakoka kamodzi mwamphamvu, paipi idazuka, ndipo munthu ndi paipi yake adagwera limodzi m'madzi.

Kwa kanthawi tidangoona thabwa lokha likuyandama. Kenaka mutu wa imvi udatulukira, dzanja limodzi litakolekera paipi. Adalikoka thabwa ndi chingwe, adagonekapo paipi, adakwera pamimba, adagwada. Akadatha kubwerera chogwada, palibe akadawanena. Koma adadzuka, adaiika paipi pakati pa mapazi, n'kuyamba kupalasa chiimire kulunjika kumchenga.

Apo n'kuti kuseri kwa khoma kukumveka mkokomo. Ine pachulu paja ndinkaona mbali zonse ziwiri. Madzi adatuluka akuda, onunkha matope a zaka zambiri, adafunafuna ngalande yawo, sadaipeze, adalowa m'munda. Mitengo yochirikiza tomato idagwa mzere ndi mzere. Tomato wofiira adayandama kutsetsereka kumtsinje. Ndikanena kuti ndidamva chisoni ndiye kuti ndikunama, ndipo pamsinkhu wanga sindinamanso.

"Tseka! Cedric, katseke!" adakuwa a Chrispine, akuthamangira kukhoma n'kubwereranso, osadziwa kolowera.

A Nzunga atangotsika, Cedric adawalanda thabwa. Adatola thumba la feteleza lopanda kanthu kuti akatsekere pabowo, adalumphira pachitsekocho nsapato zili kuphazi. Adaimirira, ndipo nthawi yomweyo adagwa chafufumimba m'madzi ofika m'mawondo. Adakweranso, adagwanso, magalasi akuda adapita. Adayesa chogwada, thabwa lidangozungulira pamodzimodzi. Apa mpamene tidadziwa kuti zaka zonse zija kunyanja yamchere mnyamatayu ankangonyamulira alendo matabwa, iye osakwerapo. Mafoni onse amene adawakonzera a Nzunga adatembenukira kwa iye.

"Pinda mawondo, mwanawe!" adakuwa mayi wina kunja kwa waya. "Yang'ana phiri!"

Cedric adatuluka m'madzi akudontha n'kuthamangira kuchipata, kumene a Nzunga ankamangirira paipi panjinga.

"Wakuba! Simutuluka muno! Ndikuitana apolisi!"

A Nzunga sadamuyang'ane n'komwe. Adatembenukira kwa a Chrispine, amene adali atafika, matope mpaka m'mawondo.

"Alamu, nenani pamaso pa alendowa. Paipi iyi ndi ya yani?"



"Mudanena, a Chrispine!" adatero mayi uja. "Tidalipo! Mudati tsiku lililonse angafune!"

"Tidalipo!" adavomereza ena, ndipo pakati pawo ndidaonamo ena mwa oseka aja. Sindidawakhululukire, koma umboni wawo ndidaulandira.

"Amalume, nenani kanthu!" adatero Cedric.

A Chrispine adayang'ana alendo, adayang'ana amayi, adayang'ana pansi.

"Asiye apite," adatero ndi mawu otsika. "Ndi yawo."

A Nzunga adavula jekete, adaipinda bwinobwino, adaikapo kambendera pamwamba, n'kumupatsa Cedric ndi manja awiri.

"Izi ndi zako. Fanta umwe wekha, sindidazungulire."

Ndidawaperekeza mpaka kumsewu waukulu, iwo akukankha njinga. Pamtunda adaima n'kucheuka. Madzi adali atayamba kutsika, m'mphepete mukuoneka mzere wakuda wa matope, pamene makasu awo adadutsa kalekale. Adayang'ana nthawi yaitali.

"Sizikukupwetekani?" ndidafunsa.

"Zikupweteka," adatero. Adakwera njinga, paipi itatulukira kutsogolo ndi kumbuyo, n'kumapita.

Damu lidaphwa lonse. Cedric adakagula paipi ina, koma pamene ankaibweretsa n'kuti dzuwa litang'amba khoma ming'alu yolowa dzanja. Ngalande yochokera ku kasupe nayo idali itadzaza zinyalala, chifukwa chichokereni a Nzunga palibe adailambulapo. Mvula yoyamba yamphamvu idagumula khomalo pakati. Lero ng'ombe zayambanso kutitimira pamenepo, ndipo mapolo a bulugamu adatha ndi nkhuni. Amayi othirira kabichi akuvutika, izo n'zoona, koma adayamba kuvutika tsiku limene waya adazungulira damu, ndipo amene adazunguliza wayayo amadziwika. Cedric adabwerera ku Mozambiki. A Chrispine ndikakumana nawo pamsika ndimawapatsa moni mwaulemu wonse, kenaka ndimawafunsa kuti tomato akuyenda bwanji chaka chino.

Mwezi wathawu ndidapita kwa Champiti kukawaona a Nzunga. Paipi ili pakhonde, adaipachika ndi mawaya kunsi kwa denga. Sigwira ntchito iliyonse. Wina adafuna kuigula, adakana. Ndidayamba kuwafotokozera za khoma logumuka ndi za nkhope ya a Chrispine, poganiza kuti asangalala monga ndimasangalalira ine. Adamvetsera pang'ono, kenaka adandidula.

"Aphunzitsi, kodi chitseko chija adapita nacho?"

Ndidati adapita nacho.

"Aa," adatero, akusisita bondo. "Pakati pa madzi paja, ukaimirira bwinobwino, kumakhala zii. Sindinkadziwa."

Ndidawauza kuti asandisokonezere nkhani, ndipo ndidapitiriza kuwafotokozera za khoma.